Bambo Palibevuto Akana Ndalama Zawo

9 Malichi

Mzime wathu,

Moni wa kuno kunyumba. Uli bwanji ndi kuzizira kwako kuja? Pa foni umangoti "ndili bwino, ndili bwino" ngati pali wina akukuthamangitsa, ndiye Amayi alamula kuti tibwerere ku makalata. Ukudziwa kuti makutu awo pa foni sagwira. Kalata ndiye amaikonda, chifukwa ndimawawerengera mokuwa mpaka oyandikana nafe onse amadziwa kuti unadwala chimfine.

Ine mlongo wako ndili bwino, ndanenepa, ndipo usaseke. Nkhani yaikulu nayi: denga lasiya kudontha! Malata onse ndi atsopano. Mabeseni aja tinkayala m'chipinda cha Amayi mvula ikayamba abwerera ku ntchito yawo yochapira. Nkhani yachiwiri, ndagula uvuni. Iwala kakale kaja kankapsereza keke mbali imodzi mbali inayo ikadali yamadzi. Uwu ndi wa zitseko ziwiri, ndipo makeke anga tsopano akutuluka ofanana ngati mapasa. Amuna amene anaulowetsa m'nyumba anatukwana ndithu, chifukwa mmodzi anapunthwa pa sitepe ya malemu Bambo, yapamwamba ija anaimanga yaitali kuposa zinzake, imene inakugumula dzino uli mwana. Ndinafuna kuti amisiri aikonze nthawi yomweyo, Amayi anakana kwamtuwagalu.

Ndikudziwa kuti wayamba kale kufunsa kuti ndalama ndazitenga kuti. Ndinayamba ku banki. Kumeneko anandizunguza ngati mwana wasukulu, mwezi wathunthu wa "bwerani mawa", mapeto ake n'kundiuza kuti makeke si ntchito yodalirika. Ndili m'kati modandaula, pakhomo panafika bambo wina wa kampani yobwereketsa ndalama, wasuti yake, mafuta onunkhira kufika iye asanafike. Munthu waulemu, wa mawu otsika. Chilichonse ndingamufunse yankho lake ndi limodzi, moti kuno timangomutchula kuti Bambo Palibevuto. Sanandivutitse n'komwe ndi mafunso oti ndimagulitsa makeke angati pamwezi. Anangozungulira m'nyumba muno, kugogoda makoma, n'kumati, "Nyumba yolimba iyi, mayi." Ndinanyadira Bambo athu tsiku limenelo.

Chikole ndi chikalata cha nyumba. Poti Bambo atamwalira nyumba inatsala m'dzina la Amayi, anasaina ndi iwowo, pa tebulo lathu lomweli. Ndimati ndiziwabwerezera mokweza zimene bamboyo amanena, monga timachitira mlendo aliyense akabwera, koma iye anati ndisawatopetse okalamba, zonse ndi zachizolowezi. Pasanathe sabata ndalama zinali m'manja. Zolipira pamwezi n'zochepa, keke imodzi yaukwati ikukwanira.

Mwezi uno usatumize ndalama, tili bwino. Koma ukapeza timapaipi tachitsulo tija tokongoletsera keke, tundigulire. Ta kuno tikuchita dzimbiri msanga. Amayi ati uzivala chipewa, mutu wako uja tsitsi linayamba kuthawa.

Ndine mlongo wako,
Mwini uvuni wa zitseko ziwiri


2 Epulo

Achemwali,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndaseka ndekha m'basi anthu n'kumandiyang'ana. Muli bwanji nonse? Amayi miyendo ikuwalola? Auzeni kuti chipewa ndikuvala, ngakhale tsitsi lokhalo silibweranso.

Kuno ntchito ikuyenda. Ndikadali m'nyumba yosungiramo katundu ija, kuyendetsa kagalimoto konyamulira mabokosi, kukweza ndi kutsitsa tsiku lonse. Nkhani ya denga yandisangalatsa kwambiri. Ndinkagona movutika ndikamva kuti kwanuko mvula yayamba. Mwachita zazikulu, Achemwali, ndikuthokoza. Timapaipi tanu ndatigula, tili m'njira.

Koma mundilole ndifunse, musandikwiyire. Mnzanga wina kuntchito kuno makolo ake anataya nyumba chifukwa cha ngongole imene inayamba mokoma ngati yanuyi, ndiye mtima wanga sukukhazikika. Chiwongola dzanja n'chotani? Ngongoleyi itha zaka zingati? Ndalama mukulipira pamwezizo zikuchepetsa ngongole yeniyeniyo, kapena zikungopita ku chiwongola dzanja? Nanga mapepala amene Amayi anasaina, anakusiyirani anuanu? Ngati alipo, ajambuleni munditumizire ndiwerenge. Chimene chikundidabwitsa n'chakuti munthu wobwereketsa ndalama sanafunse kuti mumapeza zingati. Ine ndikabwereka mnzanga ndalama ya basi yokha ndimayamba ndaganiza kuti alandira liti.

Mwina ndikungodandaula zachabe. Koma nyumba imeneyo ndi yathu tonse, ndiye ndiyenera kudziwa.

Mundipatsire moni Amayi, mokuwa.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime


27 Epulo

Iwe Mzime,

Tili bwino. Timapaipi tafika, zikomo.

"Nyumba ndi yathu tonse." Ehe! Mawu amenewa ndinawawerenga kawiri kuti mwina maso akundinamiza. Pamene madzi ankagwera pa bedi la Amayi, nyumba inali ya ndani? Amene ankadzuka kukoka matiresi ndi ndani? Ngati ukuopa kuti ndikudya gawo lako, nena poyera, ndikuyezere chipinda chako ndi chingwe, uchinyamule upite nacho kozizirako. Ndakwiya, ndipo sindikubisira.

Powawerengera Amayi ndime imeneyo ndinaidumpha. Iwo n'kuti, "Pepala lonselo latha msanga bwanji?" Ndinati unalemba zilembo zikuluzikulu.

Mafunso akowo ndi a munthu amene sanamuonepo Bambo Palibevuto. Mapepala akusunga okha ku ofesi kwawo, ati kuti asatayike. Mizere ina inali yosalembedwa posaina, anati akadzaza okha chifukwa manambala ake ali mu kompyuta. Chiwongola dzanja anandiuza pakamwa, sindinachisunge m'mutu, koma chinali chaching'ono. Ndipo kuti udziwe kuti ndi munthu wabwino, sabata yatha anabwera yekha kudzationa. Akuti poti ndikulipira bwino, angathe kundipatsa ngongole ina yokulitsira khitchini, n'kuiphatikiza ndi yoyambayi, zolipira pamwezi n'kutsikanso. Waonapo kuti wakuba amene amakutsitsira mtengo? Sindinavomere, ndati ndiganize kaye, chifukwa mwezi uno ndili ndi maukwati atatu ndipo mutu uli ku mazira.

Malonda akuyenda. Keke ya sabata yatha inali ya nsanjika zinayi, mkwatibwi analira ataiona. Iwe ukadakhalapo ukadafunsa chiwongola dzanja chake.

Mlongo wako


29 Juni

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ndikudziwa kuti mukuganiza kuti ndakhala chete chifukwa chonyanyala. Ayi ndithu. Kalata yanu inandipweteka, inde, chifukwa za gawo sizinali m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Ndimatanthauza kuti katunduyu musamusenze nokha. Ndinalemba molakwika, pepani. Chingwe choyezera chija chisungeni, muziyanikira zovala.

Chimene ndinakhalira chete n'chakuti ndakhala ndikugwira maola owonjezera, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo ndikafika kunyumba cholembera chimalemera ngati bokosi. Ndalama za maola amenewo ndaziphatikiza ndi zimene ndimasunga kuti ndigule galimoto. Dzulo ndazitumiza ku akaunti yanu. N'zofanana ndi zonse zimene munabwereka, ndi kena pamwamba.

Mukukumbukira mmene Bambo ankachitira kugolosale? Mwini golosale akati mudzalipire pakutha pa mwezi, iwo pakati pa mwezi ali kale pakauntala, malaya ositidwa, ndalama m'manja. Ankati tulo sabwera ngati dzina lawo lili m'buku la munthu. Ife ndife ana awo. Pitani mukabweze zonse, mutenge chikalata cha Amayi chibwerere m'sutikesi mwawo. Ngati Bambo Palibevuto ndi munthu wabwino monga mukunenera, akasangalala, ndipo ine ndidzapepesanso kachiwiri.

Za khitchini musasaine chilichonse. Tidzaikulitsa ndikabwera, ndi manja athu, ngakhale itadzatuluka ngati sitepe ya Bambo.

Kalata iyi muwawerengere Amayi yonse, osadumpha.

Mzime


20 Julayi

Mzime, mng'ono wanga,

Khala pansi usanayambe kuwerenga. Tonse tili moyo, palibe wadwala, ndiye mtima usathamange. Ndalama zako zinafika. Ndinalira, Amayi analira, kenako anandikalipira kuti n'chifukwa chiyani ndimakulembera zaukali. Pepa ndi ine. Galimoto yako imeneyo ndikuidziwa mmene unkailakalakira.

Lachiwiri tinanyamuka. Amayi anaumirira kuti apita nawo kukathokoza, anavala diresi yawo ya buluu ija, n'kundilamula kuti ndiphike keke yoti tikamusiyire bamboyo. Ofesi yawo ili pamwamba pa shopu ya matayala. Mkati muli kapeti, makina oziziritsa mpweya, ndi benchi yodikirira pamene panali anthu angapo, aliyense maso pansi. Chitseko cha bwanayo chinali chosatseka. Anatilandira ndi manja awiri, keke n'kuiika patebulo, "Mayi athu, mwadzivutitsa bwanji!"

Ndinati, "Tabwera kudzabweza ngongole yonse lero."

Iwe, nkhope ya munthu ndinaiona ikuzima ngati babu. Tsiku limenelo "palibe vuto" sanatuluke. Anatembenukira ku kompyuta, kudinadina, n'kuyamba kulankhula ndi mawu otsika aja. Akuti kubweza nthawi isanakwane kuli ndi chindapusa, ndipo chindapusacho ndi chiwongola dzanja cha zaka zonse zitatu. Akuti mulinso inshulansi, ine sindinaipemphe ndipo sindinaimvepo. Akuti zimene ndakhala ndikulipira mwezi ndi mwezi sizikwanira ngakhale chiwongola dzanja chokha, ndiye chotsalacho amachiwonjezera pa ngongole. Mzime, ndalipira mwezi uliwonse tsiku lisanakwane, koma ngongole yakula kuposa tsiku limene tinasaina! Ndipo zaka zitatu zikadzatha, zonsezo ziyenera kulipidwa kamodzi, tsiku limodzi. Ndinafunsa kuti nanga zikadzakanika? Anangotambasula manja n'kuti, "Pajatu pali chikole."

Kenako anamwetuliranso. Akuti ndisadandaule, ndalama zakozo ndimusiyire azisunga, tisaine pepala latsopano, zolipira pamwezi zitsike. Anali atalikonza kale pepalalo. Mutu wanga unali utazungulira, ndipo sindikunama, cholembera ndinachilandira kuti ndiwapatse Amayi.

Amayi nthawi yonseyi anali atakhala, chikwama pamiyendo, osamva kanthu. Anandikoka mkono. "Bamboyu akuti chiyani?"

Iye anayamba zake zija zoti tisawatopetse. Koma pakamwa panga panali patatseguka kale, ndi mawu anga a kunyumba aja, owerengera makalata ako. Ndinakuwa kuti, "Akuti sakufuna ndalama zawo lero!"

"Wati chiyani?"

"Sakufuna kuti tiwabwezere! Akuti tikabweza msanga atilipiritsa chindapusa!"

Ndinadzimva ndekha, Mzime. Zimene iye ananena monong'ona zinkamveka ngati nzeru za ku ofesi. Nditazikuwa zinamveka mmene zilili. Pa benchi paja anthu onse anadzutsa mitu.

Amayi anamuyang'ana bamboyo kuyambira kumutu mpaka pa tayi. Anati, "Ine ndakalamba, koma sindinaonepo munthu wokwiya pobwezeredwa ndalama zake. Ngati safuna ndalama, ndiye akufuna chiyani?" Iwo anadziyankha okha, mokweza poti sadzimva: "Akufuna nyumba ya amuna anga." Anaimirira, n'kunyamula keke ija patebulo, n'kuti, "Tiye."

Tinatsika masitepe Amayi ali patsogolo ndi keke yawo. Bambo wina wa pa benchi paja, wometa tsitsi, anatitsatira mpaka pa msewu. Akuti naye anasaina zomwezo, pa nyumba yake, ndipo ankaganiza kuti wopusa ndi iye yekha. Tinapatsana manambala.

Ndalama zako zili ku banki, sindinachotsepo kanthu. Keke tinadya ndi oyandikana nafe, inali yokoma. Ndikuopa, Mzime. Ndine ndinamulowetsa munthu ameneyu m'nyumba. Tichite chiyani?

Mlongo wako


3 Ogasiti

Achemwali,

Ndawerenga ndili chiimire. Poyamba ndinapsa mtima kwambiri, kenako nditafika pa Amayi ndi keke ndinaseka mpaka misozi. Muwauze kuti ndawavulira chipewa chija.

Musadziimbe mlandu. Munafuna denga losadontha, basi. Anthu amenewa ndi ntchito yawo, amasankha amene banki yawakana.

Ndafunsa mnzanga uja. Akuti makolo ake chimene chinawapweteka n'chakuti anachita manyazi, anakhala chete mpaka tsiku la kugulitsa nyumba. Ndiye ife tisakhale chete. Ndafufuza, kwanuko kuli ofesi ya maloya othandiza anthu osawalipiritsa, ili kuseri kwa khoti. Pitani sabata ino, mutenge Amayi, malisiti onse amene muli nawo, ndi wometa tsitsi uja ngati angalole. Bamboyo akabwera kunyumba musamupatse mpando, ndipo musasaine ngakhale kapepala kakang'ono bwanji.

Mundilembere msanga. Ngati pakufunika kuti ndibwere, ndipempha tchuthi.

Mzime


6 Sepitembala

Mzime,

Moni wa kuno. Tchuthi chako chisunge, zinthu zayamba kuoneka mutu wake. Amayi ali bwino, ndipo masiku ano akudya ngati msilikali wopita kunkhondo.

Ku ofesi ija tinapita. Tinadikira m'khonde mmawa wonse, anthu ndi ambiri, koma tinalowa. Loya wathu ndi mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, tebulo lake lodzaza mafayilo mpaka kapu ya tiyi amaiika pawindo. Nditayamba kufotokoza anandidula n'kufunsa kuti anasaina ndani. Nditaloza Amayi, anakoka mpando wake n'kukhala nawo bondo ndi bondo, n'kuyamba kuwakuwira yekha. Mawu ake amaposa anga! Anawafunsa ngati bamboyo anawawerengera mapepala, ngati anawauza za chindapusa, za inshulansi, za kulipira zonse kamodzi pamapeto. Amayi anati, "Ndinangoona milomo yake ikugwedera." Loya analemba mawu amenewo mmene analili. Akuti wobwereketsa ayenera kumuuza wosainayo zonsezi momveka, ndipo kusainitsa munthu pa mizere yosalembedwa ndi nkhani yaikulu payokha.

Anatipatsa zochita. Choyamba analembera kampaniyo kalata yoitanitsa mapepala onse ndi ndondomeko ya ngongole, akuti umenewo ndi ufulu wathu, sitikupempha chifundo. Ine ndimati ndisiye kulipira pamwezi poti ndi akuba. Anandiletsa mwamphamvu. Akuti ndikasiya ndawapatsa chifukwa chogulitsira nyumba, ndiye ndizilipirabe, koma kudzera ku banki kuti umboni uzitsala. Tinalembanso dandaulo ku bungwe loyang'anira makampani obwereketsa ndalama. Wometa tsitsi uja analemba lake, ndipo poti m'shopu mwake mumadutsa mitu yambiri, wapezanso anthu ena amene Palibevuto anawagogodera makoma. Mmodzi ndi mphunzitsi wopuma ntchito, anaphatikiziridwa ngongole katatu, ulendo uliwonse akuthokoza kuti zolipira zatsika. Chikhala kuti si maukwati atatu aja, bwenzi nanenso ndili momwemo.

Mapepala aja anabwera. Chiwongola dzanja chimene anadzaza si chimene anandiuza pakamwa, n'chokwera kutalitali.

Kenako anayesa kutiopseza. Kunabwera kalata yoti taphwanya pangano, akuti mwezi wa Meyi sitinalipire, ndiye ayamba zogulitsa nyumba. Mwezi umenewo ndinamupatsa Palibevuto ndalama m'manja pakhomo pano, atabwera kudzationa, n'kundiuza kuti lisiti abweretsa. Sanabweretse. Kunabweranso amuna awiri kudzajambula nyumba ali pa msewu. Tsiku limenelo mazira ndinawaswera pansi m'malo mwa m'mbale. Ndinathamangira kwa loya ndi epuloni yomwe. Iye sanatekeseke n'komwe, anangovala jekete n'kupita kukhoti kukapempha chiletso. Woweruza walamula kuti nyumba isakhudzidwe mpaka nkhani yonse itamveka. Pepala la chiletsocho Amayi alimata kuseri kwa chitseko, ati aliyense wobwera ndi suti aziyamba wawerenga.

Sindikunamiza, loya wanena kuti sangalonjeze kuti tipambana zonse. Ndalama tinabwereka ndipo tinadya, zimenezo tibweza. Chimene tikumenyera n'chakuti tibweze zoyenera, ndipo nyumba itsale.

Malonda sanaime. Timapaipi tako tikugwira ntchito, maluwa anga tsopano akuoneka ngati maluwa, osati kabichi.

Ndine mlongo wako


15 Novembala

Achemwali,

Muli bwanji? Miyezi iwiri tsopano popanda kalata. Pa foni mumangoti "zikuyenda, zikuyenda", ndipo ndazindikira mmene zimawawira, poti ndi matenda anga omwe. Kodi nkhani inamveka? Kodi chiletso chikadalipo? Ngati zavuta musandibisire chifukwa cha galimoto ija. Ndikuyenda bwino pa basi, ndipo ndapeza mpando wanga wa pafupi ndi chotenthetsera.

Ndapempha tchuthi cha mwezi wa Febuluwale, andilola. Mundiuze zoona zokhazokha: ndidzafikira m'nyumba mwathu, kapena kwina?

Mzime


8 Disembala

Mwana wanga Mzime,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, ndiye zilembo zikakhota usadabwe, dzanja lakalamba. Mlongo wako ali m'khitchini kuyambira mmawa, nyengo ino maukwati achuluka ngati anthu auzidwa kuti chaka chamawa kukwatira kuletsedwa. Ndicho chifukwa sanakulembere. Komanso ankadikira kuti nkhani ithe kaye, akuti asakuuze theka. Ndamukalipira kale, iwe usawonjezere.

Uli bwanji mwana wanga? Ukudya? Pa chithunzi chija masaya alowa.

Nkhani inatha sabata yatha. Anatiitana ku bungwe lija, m'chipinda cha tebulo lalitali. Ife tinali mbali ino ndi loya wathu, wometa tsitsi ndi aphunzitsi aja. Mbali inayo kunali maloya a kampani, ndi bambo wamafuta onunkhira uja atakhala kumapeto, wosayang'ana munthu. Wapampando atamva kuti makutu anga ndi olemera, analamula kuti aliyense wolankhula azikweza mawu kuti ine ndimve, poti nyumba ndi yanga. Ndiye loya wa kampani anaimirira kuwerenga pangano lija mokuwa, mzere ndi mzere. Atafika pa chindapusa mawu anayamba kumuthawa. Ine n'kuti, "Sindikumva!" Ndinali nditamva, koma ndinafuna abwereze.

Sanafune kuti zipitirire mpaka kwa woweruza. Anapempha kuti tigwirizane. Chindapusa achotsa, inshulansi achotsa, chiwongola dzanja achibweza pa mlingo umene loya wathu anavomera, ndipo zonse zimene mlongo wako analipira aziwerengera. Za mwezi wa Meyi zokha zinatayika, poti panalibe lisiti. Mlongo wako zikumuwawabe, ine ndamuuza kuti imeneyo ndi fizi ya sukulu. Ndalama zako zinalipira zonse zotsala, ndipo kenakake kabwerera, kakukudikira. Wometa tsitsi naye nyumba yake yapulumuka. Nkhani ya aphunzitsi ikadali kukhoti poti inapita patali, uziwakumbukira. Bungwe lija akuti likufufuzabe kampaniyo, zimenezo ndi zawo.

Chikalata chinabwera Lachisanu. Ndinachiwerenga chonse ndi magalasi, dzina la bambo ako lili pomwepo pamwamba pa langa. Ndachibwezera m'sutikesi, pansi pa malaya awo oyera aja. Usiku umenewo ndinagona mpaka dzuwa kundiwomba kumaso.

Galimoto yako ndikuidziwa, mwana wanga. Mlongo wako anandiwerengera kalata ija yonse, osadumpha, ndinamuyang'anitsitsa pakamwa. Akuti azikubwezera pang'onopang'ono kuchokera ku makeke, ndipo iwe usakane, chifukwa m'nyumba muno taona kale mmene amaonekera munthu wokana kubwezeredwa ndalama zake.

Wafunsa kuti udzafikira kuti. Funso lanji limenelo? Chipinda chako chilipo, tangochotsamo matumba a shuga. Mlongo wako wayambanso nyimbo yake yoti ndi ndalama zotsalazo tikonze sitepe ya pakhomo. Ndakana. Bambo ako anaimanga Loweruka lina atatopa, anaiona kuti yatalika, n'kuseka, n'kunena kuti adzaikonza. Chaka chino ndinatsala pang'ono kuisiyira anthu achilendo kuti aziigumula. Ikhala mmene ilili.

Bwera mu Febuluwale. Udzagogode mwamphamvu poti sindimva, ndipo polowa ukumbukire kukweza mwendo.

Ndine mayi ako